Mzungulo wa 412

Ku Dwangwa, kuseri kwa chigayo,
Twaibu ali ndi kanyumba ka malata akale ndi mabenchi asanu ndi awiri.
Ukapereka handiredi kwacha umalowa mumdima
n'kupeza chombo chikuyandama pakati pa nyenyezi.

Gawo lililonse limayamba chimodzimodzi.
Mayi woyendetsa chombocho, wa chipsera pachibwano,
amakhala pampando n'kutchula tsiku.
Sanena Lolemba, sanena Meyi.
Amati: "Mzungulo wa 412, dontho 6."

Anzanga amangodikira mfuti zolavula moto wobiriwira.
Ine ndimalemba nambalayo kuseri kwa lisiti la pasikelo,
poti ntchito yanga n'njomweyo:
kuyeza nzimbe, kulemba deti, kusaina.

Ndinawerengetsa kwa milungu itatu.
Ndinati mzungulo umodzi ndi masiku athu khumi,
ndipo masamu anandimvera
mpaka khanda lobadwa pa 430
litatulukira pa 433
lili ndi mano onse, likuyankha akuluakulu mwamwano.

Nditam'funsa Twaibu anaseka chikhakhali.
"Achimwene, zimbalezi ndinagula padepoti ku Lilongwe,
magawo ake ndi osakaniza ngati nyemba za pamsika.
Magetsi akathima ndimayambira pomwe ndakumbukira."

Ndiye chifukwa chake makaniko wamtali uja
tinam'lira Lachiwiri,
Lachinayi n'kum'peza akupemerera tiyi.
Maliro ake tinaonera kawiri,
ukwati wake unabwera pambuyo.

Koma mlandu wonse si wa Twaibu.
Nkhaniyo payokha ili ndi mawotchi awiri.
M'chombo nthawi imakwawa,
kwawo kumene anachokera ikuthamanga liwiro la mtondo wadooka.
Usiku wina woyendetsa uja analandira uthenga
wa mwana amene anam'siya asanaguluke dzino.
Pagalasi panaoneka munthu wa imvi, wa ndodo,
nati, "Amayi."
M'nyumbamo munangoti zii.
Ngakhale mnyamata wa mtedza anasiya kugwedeza beseni.

Ndinatuluka filimu isanathe.

Mkulu wanga Lufeyo anakwera basi ya ku Joni
atavala jekete langa.
Anati, "Nzimbe zikadulidwa kawiri mundiona."
Zapsa, zadulidwa, zaphukanso kasanu ndi katatu,
matani ake ndalemba ndine.

Amatumiza mawu pafoni, Lamulungu likalola.
Amafunsa ngati galu wake akadali waukali.
Galuyo tinakwirira pansi pa mango chaka cha chigumula.
Amafunsa ngati Esinta anasiya kulira akamapita kusukulu.
Esinta walemba mayeso a Fomu 2,
amasoka yekha yunifomu ikang'ambika,
ndipo dzina la bambo ake amalitchula mosamala
ngati mbale ya eni.

Mwezi watha dalaivala wa thiraki anabweretsa katoni.
Munali shuga (shuga, ku Dwangwa!),
bulangete, ndi nsapato zofiira za zingwe zonyezimira.
Esinta anaziika pachikhato.
Zonse ziwiri zinakwana padzanja limodzi.
"Mukawauze zikomo," anatero,
n'kuzibwezera m'pepala lake bwinobwino.

Pakhoma panga pali kalendala ya sitolo ya feteleza.
Pansi pa deti lililonse ndinayamba kulembapo lina ndi pensulo,
la kumene kuli Lufeyo.
Kumeneko mvula ija sinakate,
galu akuuwa,
jekete langa likadali latsopano.
Ndayesa kuchotsera, ndayesa kugawa,
yankho limatsala ndi zotsala.

Loweruka Twaibu anandiitana ndili panjinga:
"Chabwera china, achimwene, cholongosoka!"
Ndinalipira, ndinakhala benchi lakumbuyo.
Mayi wa chipsera anakhala pampando wake.
"Mzungulo wa 398," anatero.
Tabwereranso m'mbuyo.
Makaniko uja analowa akuimba mluzu, sipanala m'thumba,
osadziwa kanthu.

Lisiti linali m'manja, pensulo kukhutu.
Sindinalembe.
Ndinagula mtedza wa fifite
n'kumuonerera akumanga nati.